Mabala a Ubwana Amene Amagoneka Amuna Panja

M'matauni athu, kaya ndi ku Chipata, Katete kapena Lusaka, muli amuna amene akhala zaka zambiri opanda nyumba. Amagona m'makonde a masitolo, pa sitesheni ya mabasi ndi pansi pa matebulo a pa msika. Timawacha ofuntha, zidakwa kapena aulesi, ndipo ena amati analodzedwa. Phunziro la sabata ino lionetsa kuti vuto la ambiri mwa iwo linayamba akali ana, m'nyumba zonga zathuzi.

Zimene ofufuza anapeza

M'caka ca 1998 madokotala awiri a ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafalitsa zotsatira zoyamba za kafukufuku amene anakhudza anthu akuluakulu oposa 17,000. Anawafunsa za zowawa zimene anakumana nazo ali ana: kumenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kuona amai ao akumenyedwa, kukhala ndi cidakwa kapena wodwala maganizo m'nyumba, ndi kumangidwa kwa wina wa m'banja. Kwa amene anakumana ndi mitundu 4 kapena yoposa ya zowawazi, ngozi yokhala cidakwa inakula ka 7, ndipo yoyesa kudzipha inakula ka 12.

M'caka ca 2021 magazini ya Lancet Public Health inasonkhanitsa kafukufuku wa anthu opanda nyumba, makamaka wa ku maiko a kunja. Pafupifupi 9 mwa anthu 10 aliwonse anali atakumana ndi cowawa cimodzi, ndipo oposa theka anakumana ndi 4 kapena zoposa.

Kuno kwathu njira yake tikuidziwa. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anasiya ana amasiye ambirimbiri. Ena abale anawalanda nyumba ndi katundu, ngakhale lamulo loteteza cuma ca masiye linalipo kuyambira 1989. Mnyamata amene anathawira mumsewu mu 1995 ali ndi zaka 10, lero ndi bambo wa zaka za m'ma 40.

Cimene cimacitika m'thupi

Munthu akaopsezedwa, thupi limatulutsa mankhwala ochedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, minofu imakungika kuti athawe kapena amenyane. Ngozi ikapita, thupi limakhala pansi. Koma mwana amene amamenyedwa masiku onse, thupi lake silipumula, ndipo ubongo wake umakula uli cheru. Amabvutika kugona, amakwiya msanga, zophunzira sizilowa, ndipo sakhulupirira munthu.

Kucokera apo masitepe amatsatana. Mwana amaleka sukulu, amathawa panyumba, amayamba kununkhiza guluu, kusuta camba ndi kumwa kacasu kuti aiwale ndi kupeza tulo. Akakula, nchito imamukanika cifukwa ca ndeu ndi mowa, ukwati umatha, abale amatopa naye. Umphawi ndi kukwera kwa lendi zimagwera aliyense, koma amene alibe wina womulandira ndiye amatsala panja. Kunjako amamenyedwanso, ena mpaka kubvulala m'mutu, ndipo bala lakale limakulirakulira.

Cimapha amuna ndi cizolowezi cathu couza mnyamata kuti mwamuna salira. Mnyamata wogwiriridwa saulula cifukwa ca manyazi. Ku cipatala amuna otere amabwera ndi zironda, TB kapena kukomoka ndi mowa, koma za ubwana wao sanena pokhapokha wina afunse modekha.

Zimene banja lingacite

Si mwana aliyense wozunzika amene amathera mumsewu. Cimene cimateteza kwambiri ndi munthu wamkulu mmodzi wodalirika, kaya ndi ambuya, amalume, aphunzitsi kapena a neba.

1. Lekani kulanga mwana ndi cikoti, moto kapena njala. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, limaletsa kumenya mwana ngati cilango.

2. Mwana wamasiye kapena wopeza adye mbale imodzi ndi anu, ndipo apite ku sukulu. Kuyambira 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka Giredi 12.

3. Yang'anirani zizindikiro izi: kukodza pogona atakula kale, kulota zoopsa, kuthawa sukulu, kugona kunja, kuopa munthu wina wake.

4. Mukaona mwana akuzunzidwa, imbani nambala yaulere ya 116, kapena pitani ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku ofesi ya Social Welfare.

5. Ngati m'bale wanu ali kale mumsewu, musamumange zingwe. Muitaneni ndi dzina lake, mumpatse cakudya ndi madzi osamba, kenaka mupite naye ku kiliniki. Matenda a maganizo ndi a mowa ali ndi cithandizo, ndipo obvuta amatumizidwa ku cipatala cacikulu kapena ku Chainama. Akabwerera kumsewu musataye mtima, pakuti wozolowera kucitidwa nkhanza amatenga nthawi kuti akhulupirire munthu.

Makolo anzanga, akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana amene mukumva akulira usiku uliwonse kuseri kwa cipupa canu, mfunseni mawa m'mawa kuti cabvuta nciani.