Mvula ya Myundo ndi Mvula ya Masika

Werengani: Yoweli 2:23, 28, 29; Machitidwe 1:12-15; 2:1-4, 41; Yakobo 5:7, 8.

Vesi Loloweza: Zekariya 4:6.

Mfundo Yaikulu: Mzimu amene adzatsirize ntchito ya Uthenga Wabwino ndi yemweyo amene afuna kulamulira mitima yathu lero.

M'dziko la Palestina mvula ya myundo inkagwa mu Okutobala ndi Novembala kuti mbewu zimere, ndipo ya masika inkagwa mu Malichi ndi Epulo kuti tirigu akhwime. Ife alimi a ku Chiradzulu tikudziwa kuti mvula yogwa chimanga chikamasula siipindulitsa munthu amene sanabzale ndi mvula yoyamba.

Kodi ophunzira anachita chiyani pa masiku 10 a pakati pa kukwera kumwamba kwa Yesu ndi Pentekoste? Machitidwe 1:14. Yerekezani ndi Luka 22:24.

Usiku umene Ambuye anaperekedwa, amuna ameneŵa ankalimbirana ukulu. Koma m'chipinda chapamwamba anthu ngati 120 anapemphera ndi mtima umodzi. Mzimu atatsika, Petro, amene anakana Mbuye wake katatu, analalikira mopanda mantha, ndipo anthu ngati 3,000 anabatizidwa tsiku lomwelo. Imeneyo ndiyo inali mvula ya myundo.

Kodi Mzimu Woyera amakhala kuti? 1 Akorinto 3:16; 6:19.

Mbiri ya kuno ku Mbombwe ikutithandiza kumvetsa yankho lake. Mu 1900 Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission, ndipo abale athu a Baptist anamanga tchalitchi chachikulu cha njerwa. Nkhondo ya 1915 itatha, boma la atsamunda linachigumula, ndi kutseka mishoni. Komabe pamene Dr. Daniel Malekebu anatsegulanso mishoniyo mu 1926, okhulupirira analipo, nasonkhananso. Njerwa zinagwa, koma chikhulupiriro cha mwa Khristu sichinali m'njerwa. Tingamange mapemphero okongola ndi kudzaza mabuku a mpingo ndi maina, koma kachisi amene Mzimu afuna ndife.

Kodi tingamuzindikire bwanji munthu wotsogozedwa ndi Mzimu? Agalatiya 5:22, 23, Machitidwe 5:32.

Paulo sanatchule phokoso kapena kunjenjemera, koma chipatso. Mzimu amatsutsa uchimo, amatikumbutsa mawu a Yesu, natipatsa mphamvu ya kumvera malamulo a Mulungu. Chipatso chimenechi chimaonekera pakhomo ndi pamsika: m'mayankhulidwe a bambo kwa mkazi wake, m'muyeso wa nandolo amene tikugulitsa, m'kubweza ngongole, ndi m'kukhululukira mbale amene tinakangana naye pa malire a munda.

Choopsa kwa ife Aadiventi n'chakuti timakonda kukamba za mvula ya masika ngati mphamvu imene idzatisinthe mwadzidzidzi nthawi ya chimaliziro. Mayi Ellen G. White anachenjeza kuti amene anyozera ntchito ya Mzimu ya tsiku ndi tsiku sadzaizindikira mvula ya masika, ngakhale itagwa pa mitima ya anzawo oŵazungulira. Mvula ya masika imakhwimitsa zimene zinamera kale.

Zokambirana m'Kalasi:

1. Nthawi yosankha akulu a mpingo ndi madikoni, kodi timafanana ndi ophunzira a pa Luka 22 kapena a pa Machitidwe 1?

2. Ndi mbale kapena mlongo uti amene tiyenera kukayanjana naye Sabata likudzali lisanafike? Mateyu 5:23, 24.