Malangizo: Kusankha Chipolopolo ndi Muyeso wa Wonga Posaka Elk ndi Mfuti ya Gogodera

Mwezi wa Seputembala ukafika kumapiri a Rocky ku America, elk zamphongo zimayamba kulira mokweza m'nkhalango poitana zazikazi. Nthawi imeneyi boma la Colorado limapatula masiku 9 oti alenje a mfuti zothirira kukamwa asake. Mfutizi ndi zachibale ndi gogodera amene makolo athu ankamudziwa: wonga uyambe kulowa, chipolopolo chitsatire, kenako mutsendere ndi ndodo.

Elk ndi nyama ya nyanga zamphandamphanda, yoposa ngoma koma yosafika pa ntchefu. Yamphongo imalemera pafupifupi makilogalamu 320, yaikazi 230. Mlenje wa gogodera ali ndi mpata umodzi wokha, chifukwa pomwe akuthiranso wonga nyama imakhala italowa kale m'thengo. Choncho mtima wa malangizowa ndi uwu: chipolopolo chikhale cholemera, wonga ukhale wapakatikati, mtunda ukhale waufupi. Nyama ikafa msanga, mlenje wailemekeza. Ikathawa ndi bala n'kukaolera kutali, walakwa.

1. Yambani mwafunsa lamulo

Safunsa anadya phula. Chigawo chilichonse ku America chili ndi malamulo akeake, ndipo amasintha, kotero werengani kabuku ka chaka chimenecho musanagule kanthu. Ku Colorado, bungwe la Colorado Parks and Wildlife limafuna kuti wosaka elk ndi chipolopolo chachitali akhale ndi mfuti ya .50 kapena yoposerapo, ndipo wa chipolopolo chobulungira akhale ndi ya .54. Nambalazi zikunena kukula kwa kamwa la mfuti: .50 ndi theka la inchi, mamilimita 12.7. Pamasiku a gogodera amaletsa galasi loonera patali, wonga woumbidwa ngati mibulu, ndiponso sabot, kachikho kapulasitiki kovekera chipolopolo chaching'ono. Mlenje avalenso chovala ndi chipewa chowala cha olenji kapena pinki kuti anzake amuone.

Kwathu kuno, kusunga mfuti popanda chilolezo ndiponso kusaka m'nkhalango zotetezedwa ndi milandu. Miyeso ili m'munsimu ndi ya mfuti zakufakitale zoyesedwa mphamvu. Gogodera wosula kumudzi ndi paipi wamba angaphulike nayo m'manja.

2. Dziwani mpope wa mfuti yanu

Mkati mwa mpope muli timizere topotana tomwe timazunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka ngati nguli. Mukaona 1:66, ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchesi 66. Kupota kwapang'onopang'ono kotere kumayenerana ndi chobulungira. Mpope wa 1:48, wofala pa mfuti za Thompson/Center Hawken, umalola chobulungira komanso chachitali pang'ono. Wa 1:28, wopezeka pa mfuti zamakono zomwe zinatchuka Tony Knight atatulutsa MK-85 mu 1985, umafuna chipolopolo chachitali ndi cholemera. Mukaika chachitali mumpope wa 1:66, chimagudubuka m'malere n'kukagunda cham'mbali.

3. Sankhani chipolopolo choboola, osati chongothamanga

Chikopa cha elk n'chochindikala, nthiti zake n'zolimba, ndipo chifuwa chake n'chakuya. Chipolopolo chabwino chiboole mapapo onse awiri, ndipo ngati n'kotheka chitulukire mbali inayo, kuti magazi adonthe pansi mlenje awalondole. Kulemera kwake amakuwerenga m'ma grain; galamu imodzi ili ndi ma grain oposa 15 pang'ono.

Chobulungira chamtovu ndicho chachikale. Amachikulunga m'kansalu kopakidwa mafuta. Cha mfuti ya .50 chimalemera ma grain pafupifupi 177, cha .54 pafupifupi 230, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti lamulo lifune .54. Chimatuluka ndi liwiro koma mphepo imachifooketsa msanga, choncho n'cha mlenje wodziwa kunyang'ama mpaka mamita 70 kapena kucheperapo.

Chachitali chamtovu, chodzaza mpope wonse, ndicho alenje ambiri a elk amadalira. Hornady Great Plains cha .50 chimalemera ma grain 385, Maxi-Ball 370, ndipo No Excuses 460, kapena kuti magalamu 30. Sichithamanga kwambiri, koma kulemera kumachikankha mpaka kuswa fupa n'kupitirira. Mtengo wake ndi phewa lanu, chifukwa mfuti imabwezera mwamphamvu.

Palinso zamakono, monga PowerBelt, Thor ndi Federal B.O.R. Lock. Zimalowa mosavuta, ndipo zambiri zili ndi nsonga yapulasitiki. Mukasankha PowerBelt, tengani cholemera monga cha 348, ndipo musachithamangitse ndi wonga wambiri, chifukwa mtovu wofewa ukagunda fupa paliwiro lalikulu umaphwanyika usanafike mkati. Zamkuwa, monga Thor cha 300, sizinyenyeka ndipo sizisiya tizidutswa tamtovu m'nyama yomwe ana akadye. Mwachidule, pa chipolopolo chachitali chamtovu musatsike pa ma grain 340. Chamkuwa chingapepukeko pang'ono popeza chimafika chathunthu.

4. Sankhani wonga woyenera choyatsira chanu

Wonga wakuda weniweni, monga Goex, Swiss ndi Schuetzen, umagawidwa potengera kukula kwa timibulu take. FFg ndiwo wozolowereka pa mfuti za .50 ndi .54. FFFg ndi wosalalako ndipo umapsa msanga, choncho umafuna kuchepetsako muyeso. FFFFg ndi wa pakambale koyatsira mfuti yamwala basi, usalowe mumpope. Mfuti yamwala, yomwe imayatsa wonga ndi moto wothetheka pamwala, imafuna wonga wakuda, popeza ndiwo umagwira moto mosavuta.

Olowa m'malo mwake ndi Pyrodex, Triple Seven ndi Blackhorn 209. Pyrodex amayezedwa mofanana ndi wakuda. Triple Seven ndi waukali: kampani ya Hodgdon imalangiza kuchotsako magawo 15 pa 100 aliwonse, kotero pomwe munkathira 100 thirani 85. Blackhorn 209 sasiya mwaye wambiri, koma amafuna mfuti yamakono yotsekeka kumbuyo ndi choyatsira champhamvu cha 209.

Wonga wopanda utsi, wa zipolopolo za mfuti zamasiku ano, usayandikire gogodera ngakhale pang'ono. Umang'amba mpope, n'kutenga zala, maso kapena moyo.

5. Musasokoneze muyeso wa kachikho ndi wa sikelo

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Chipolopolo amachiyeza pasikelo, koma wonga amauyeza ndi kachikho ka mkuwa kokhala ndi manambala. Mlenje akati amathira 90, akunena za kachikho. Pa Blackhorn 209, 100 ya kachikho imalemera 70 yokha pasikelo, ndipo malire ake ndi 120 ya kachikho, kapena kuti 84 pasikelo. Munthu atayeza 100 pasikelo, wathira zoposa 140 za kachikho ndipo wadumpha malire kutali. Malire enieni a mfuti yanu ali m'buku lomwe inabwera nalo. Chipolopolo chikamalemera, malirewo amatsika.

6. Pezani muyeso wanu pabwalo loyeserera

Mfuti ziwiri zofanana zimatha kukonda miyeso yosiyana. Yambani ndi 80 ya kachikho, ombani katatu pa mamita 50 mfuti itatsamira pachinthu chokhazikika, ndipo pukutani mpope pakati pa kuombako. Onjezerani 5 kapena 10, mubwereze. Mabowo akayamba kumwazikana, bwererani pomwe anaunjikana bwino. Ndi chipolopolo cholemera, malo amenewo nthawi zambiri amakhala pakati pa 80 ndi 100. Wonga woposa pamenepo umawonjezera utsi ndi ululu wa phewa, ndipo mlenje woopa mfuti yake amatsinzina asanaombe.

Lembani zonse m'kope. Yesaninso kuomba koyamba ndi mpope woyera ndi wozizira, chifukwa kumeneko ndiko kudzakumane ndi nyama.

7. Thirani mwandondomeko

Musathire wonga mumpope kuchokera m'nsupa yake. Kamoto kotsalira kangayatse nsupa yonse. Tsanulirani m'kachikho, tsekani nsupa, kenako thirani, nkhope ndi zala zili kutali ndi kamwa la mfuti. Tsenderani chipolopolo mpaka chikhale pawonga, chifukwa mpata wotsala pakati pake ungatupitse kapena kuphulitsa mpope. Ikani chizindikiro pandodo posonyeza pomwe imalekezera mukathira bwino. Ikadzatsalira kunja kwambiri, mudziwa kuti mwathira kawiri kapena chipolopolo sichinafike. Chachitali chimatha kusuntha mukamakwera mapiri, choncho chotsani choyatsira n'kuchiyesanso ndi ndodo. Choyatsira chiikidwe pomalizira. Mfuti ikakana kulira, ilozetsenibe kopanda anthu kwa mphindi yathunthu, chifukwa moto umatha kuchedwa. Pepani sapoletsa chilonda.

8. Dziikireni malire a mtunda

Khomani mbale yapepala yaikulu ngati ya nsima. Mtunda womwe mumaimenya nthawi zonse, mutagwada kapena mutatsamira mtengo ngati kuthengo, ndiwo malire anu. Popanda galasi, kwa ambiri ndi mamita 90 kapena kucheperapo. Chipolopolo cholemera cholunjikitsidwa pa mamita 90 chimagwa kuposa theka la mita chikafika pa 180. Dikirani nyama ipereke nthiti, ndipo lozani kuseri kwa mwendo wakutsogolo, m'munsi pang'ono mwa pakati pa chifuwa. Ikakupatsani msana kapena ikamathamanga, ilekeni ipite.

9. Mukaomba, dekhani

Utsi woyera umaphimba maso, choncho tcherani khutu kumene nthambi zikuthyoka. Thiraninso mfuti nthawi yomweyo ndi muyeso womwe munakonzeratu m'timabotolo, zindikirani pomwe nyama inaima, ndipo dikirani theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha: elk yovulala ikapanda kuthamangitsidwa imagona pafupi. Magazi owala a thovu ndi a m'mapapo; mukaona zam'mimba, dikirani maola angapo. Madzulo omwewo tsukani mfuti, wonga wakuda ndi madzi ofunda a sopo, Blackhorn 209 ndi mankhwala amafuta, chifukwa mwaye umakoka chinyontho ndipo dzimbiri limayamba usiku umodzi.

Mlenje amene wasankha gogodera wasiya dala mfuti yofika kutali, ndipo wavomera kukwawa, kuyang'anira mphepo ndi kubwerera chimanjamanja masiku ena. Ntchito ya miyeso imathera pabwalo, nyengo yosaka isanakwane. Tsiku lomwe elk idzaime pa mamita 60, mpweya ukufuka m'mphuno zake m'mawa wozizira, chotsala n'kukhazika mtima pansi, kulunjika ndi kuomba kamodzi.