Kodi ayironi angaphe khansa? Adokotala akuyankha makalata anu

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Balaka. Akuti: "Mwana wanga wamva zoti ayironi amapha khansa. Mchemwali wanga akudwala khansa ya khomo la chiberekero. Kodi tizimumwetsa mapilitsi owonjezera magazi ambiri?"

Dokotala: Mayi, pepani ndi matendawo. Mapilitsiwo musawonjezere, chonde. Ayironi amene ali m'mapilitsiwo akachulukitsa m'thupi amawononga chiwindi ndi mtima. Komabe mwana wanuyo sananame.

Selo lililonse m'thupi mwathu lakutidwa ndi kachikopa ka mafuta. Ayironi amathandiza okosijeni kuwononga mafutawo, monga mmene mafuta ophikira amasinthira fungo akakhalitsa. Kachikopako kakabooka, selo limafa. Imfa yotereyi inapatsidwa dzina loti ferroptosis mu 2012 ndi Scott Dixon, Brent Stockwell ndi anzawo ku Columbia University, ku New York. Tonsefe sitifa nayo chifukwa maselo ali ndi puloteni yotchedwa GPX4, imene imachotsa mafuta owonongekawo asanachuluke.

Maselo ambiri a khansa ali kale ndi ayironi wochuluka, poti amamufuna kuti aziswana msanga. Choncho ofufuza akulimbana ndi kupeza mankhwala ofooketsa GPX4 m'chotupamo. Chimene chimandipatsa chiyembekezo ine ndi ichi: mu 2017 kunapezeka kuti maselo ouma mutu, aja amapulumuka mankhwala n'kudzabweretsanso khansa patapita miyezi, amadalira kwambiri GPX4. Ndiwo amatiliza madokotala, ndipo pano tikudziwa pamene pali kufooka kwawo.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Karonga akufunsa: "Ndinamva kuti mankhwala a malungo amachiza khansa. Nanga LA uja?"

Dokotala: Bambo, nkhaniyi ili ndi gwero. LA ali ndi artemether, wa m'gulu la artemisinin, mankhwala amene Tu Youyou wa ku China analandirira mphoto ya Nobel mu 2015. Mankhwalawa amayamba kugwira ntchito akakumana ndi ayironi, ndipo mu labotale m'bale wake artesunate wapha maselo a khansa kudzera mu ferroptosis. Koma LA sanavomerezedwe kuchiza khansa, ndipo kumumwa chisawawa kumachititsa kuti tizirombo ta malungo tisiye kumva mankhwala. Msiyeni agwire ntchito yake ya malungo.

Pa nkhani ya mankhwala ofooketsa GPX4 aja, chovuta chachikulu n'choti maselo abwino nawonso amafuna GPX4. Mu 2014, mbewa zimene anazichotsera puloteniyi impso zake zinasiya kugwira ntchito. Mpaka lero palibe mankhwala ovomerezeka a khansa opangidwira ferroptosis.

Ndibwerere kwa mayi a ku Balaka. Radiotherapy, chithandizo chowotcha chotupa chija, imapha ena mwa maselo a khansa kudzera mu ferroptosis yomweyi. Ngati mchemwali wanu anamulembera chithandizocho, muzimuperekeza, asaphonye tsiku. Za magazi ake, madokotala ayambe amuyeza, ndipo iwo ndiwo anene mlingo wa mapilitsi.