PHUNZIRO LA SABATA INO: Visa ya Mmodzi, Ulendo wa Banja Lonse

 

Kowerenga: Genesis 26:1-14 ndi Genesis 46

Mwezi watha mlongo wina anandipeza titatuluka m'mapemphero, ndipo wandilola kunena nkhani yake popanda kutchula dzina. Anamaliza maphunziro a unesi, anapambana mayeso a Nursing and Midwifery Council of Zambia, laisensi ili m'manja. Koma ntchito ya m'boma sinabwere, manje amangothandiza pa kliniki popanda malipiro. Anzake awiri ali ku UK, zithunzi tsiku ndi tsiku pa Facebook. Amuna ake ndi aphunzitsi, anadikira zaka zambiri mpaka mu 2022 pamene boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Ali ndi ana awiri ang'onoang'ono. Mlongoyu anati, "Abusa, mundipempherere kuti amuna anga aleke kutseka chitseko chimene Mulungu wanditsegulira."

Pemphero limenelo sindinapemphere. Ndinati, tiyeni tikhale pansi titsegule Baibulo.

Mu Genesis 26 munagwa njala m'dziko. Isake anali ku Gerari, ndipo aliyense ankadziwa kuti njala ikavuta chakudya chimapezeka ku Iguputo. Atate wake Abrahamu anapitako pa nthawi ya njala. Koma Yehova anamuletsa Isake, namuuza kuti akhale m'dzikomo. Anafesa m'nthaka yomweyo, ndipo chaka chomwecho anakolola kuchulukitsa ka 100. Aleluya!

Manje pitani ku Genesis 46. Njala inanso, banja lomwelo, Iguputo yemweyo. Ulendo uno Mulungu auza Yakobo, mwana wa Isake, kuti asaope kupita, ndipo alonjeza kupita naye. Atate analetsedwa, mwana analoledwa. Choncho wina asakunamizeni kuti kupita kunja ndiye chizindikiro cha dalitso, kapena kuti kutsala ndiye chikhulupiriro cholimba. Mulungu ali ndi mawu a nyumba yanu, ndipo sangafanane ndi a mnzanu amene munali naye kalasi imodzi.

Chimene chimandikhudza ine ndi ichi. Yosefe anali atatumiza kale magaleta. Tinganene kuti mapepala onse anali atatuluka, thiransipoti yalipiridwa, mwana wake ndiye nduna yaikulu kumeneko. Koma Yakobo atafika ku Beereseba anaima, napereka nsembe. Munthu amene zonse zamuyendera anaimabe kufuna nkhope ya Mulungu. Ife imelo ikangobwera timathamangira ku guwa kukachitira umboni, mkazi kapena mwamuna wathu akumvera pamodzi ndi mpingo wonse.

Ndipo onani kumapeto kwa mutu umenewu. Asanakaonekere kwa Farao, Yosefe anakhala pansi ndi abale ake kukambirana za ntchito yawo. Anawauza kuti akafunsidwa anene kuti ndi oweta ziweto, kuti apatsidwe dziko la Goseni kumene ntchito yawo ingapitirire. Sananene kuti poti iye ali pabwino, ena onse adzaona okha chochita. Ntchito ya aliyense inaganiziridwa. Apa ndi pamene mabanja ambiri a anesi akugwera.

Tinene zoona zake za ulendowu, kaili chikhulupiriro sichiopa kuwerenga. Kuti nesi wa kuno alembedwe m'kaundula wa NMC ku UK, ayenera kupambana mayeso a Chingelezi, IELTS kapena OET, kenaka mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, ndipo akafika kumeneko pali ena oonetsa luso la manja otchedwa OSCE. Onsewa ndi a ndalama, ndipo ukalephera ulipiranso. Asanapambane OSCE, munthu sanakhale nesi wovomerezeka kumeneko, ndipo malipiro ake amakhala otsika. Miyezi yoyamba imeneyi ndi imene anthu saionetsa pa Facebook.

Chinanso: mu 2023 bungwe la WHO linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 amene anthu azaumoyo ndi operewera kwambiri. Chifukwa cha ichi, malamulo a UK salola ma agent kubwera kuno kudzasaka anesi. Nesi angathe kufunsira ntchito yekha mwachindunji, zimenezo n'zololedwa. Koma munthu akakutumirani uthenga pa WhatsApp ati tumizani ndalama ndikupezereni malo ku chipatala cha ku UK, thawani. Lamulo la kumeneko sililola agent kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito. Ndaona anthu akugulitsa pulote, ena kulowa m'kaloba, ndalama n'kupita, nambala ya foni n'kuzima. Musasokonezenso visa ya nesi ndi ya wosamalira okalamba. Nesi amaloledwa kutenga mkazi kapena mwamuna ndi ana osakwana zaka 18, pamene osamalira okalamba analetsedwa kutenga mabanja kuyambira mu March 2024.

Manje tibwere kwa amuna a mlongo uja. Nditawaitana anabwera mwaulemu, ndipo sanali otsutsa Mulungu ayi. Anandifunsa kuti, "Abusa, ine ndikasiya ntchito imene ndinaidikira zaka zonse zija, kumeneko ndikakhala ndani?" Funso labwino. Mapepala a uphunzitsi a kuno sakulowetsa munthu m'kalasi ku England tsiku lomwelo, pali njira yake yoti avomerezedwe. Ambiri amayamba ndi ntchito iliyonse imene yapezeka, kunyamula katundu kapena kuyeretsa. Palibe manyazi pa ntchito yotere. Koma bambo amene anazolowera kutchedwa aphunzitsi mu komboni yonse, akapezeka akudikira malipiro a mkazi wake m'nyumba yozizira, popanda wachibale wocheza naye, mtima umadwala ngati sanakonzeke. Ndipo kumeneko kulibe ambuya kapena mphwanu wokusungirani ana. Osunga ana ndi odula maningi, choncho ambiri amasinthana, mkazi usiku mwamuna usana, kumangopatsana moni pakhomo.

Mlongo nayenso ali ndi mfundo. Anaphunzira zaka zitatu, makolo anagulitsa ng'ombe, chilimba cha amayi ake chinathera pa fizi. Kukhala ndi laisensi n'kumapempha ndalama ya sopo kumawawa. Inu azibambo, musagwiritse ntchito vesi la kugonjera pofuna kukwirira mphatso ya mkazi wanu. Mutu wa banja umamva kuwawa kwa thupi lonse. Ndipo inu alongo, musagwiritse ntchito uneneri ngati ndodo yomenyera mwamuna. Ife timakhulupirira uneneri, Amen, koma 1 Atesalonika 5:20-21 itiphunzitsa kuti tisaunyoze, komanso tiziyesa zonse. Mneneri akakuuzani kuti akuona ndege, zikomo, koma sanakuuzeni chaka, ndipo sanakuuzeni kuti ana atsala ndi ndani. Mzimu Woyera amene analankhula nanu amadziwanso nambala ya amuna anu.

Ena amati, ndipite ine poyamba, banja lidzanditsatira. Nthawi zina nzeru ndi imeneyo, makamaka mpaka OSCE itatha. Koma ikani tsiku. Werengani 1 Akorinto 7:5: Paulo alola okwatirana kupatukana pokhapokha atagwirizana, ndipo kwa kanthawi chabe, chifukwa amadziwa kuti Satana amalowera pa mpata umenewo. Miyezi 6 imene ilibe malire imasanduka zaka zinayi. Maukwati amene ndakhalapo pa milandu yake, ambiri sanaphedwe ndi chidani, anangozolowera kukhala popanda wina ndi mnzake. Mwana amayamba kuitana azakhali kuti mami, ndipo mayi wake weniweni ndi nkhope ya pa foni imene imatumiza ndalama.

Kwa inu amene mwangomaliza kumene sukulu ndipo simunakwatiwe kapena kukwatira, musati izi sizikukhudzani. Ngati pali chibwenzi cholinga ku ukwati, nenani za maloto anu a kunja asanapite ankhoswe, osati pambuyo pa chikwati. Ndipo chaka chimodzi kapena ziwiri mu ward ya kuno si nthawi yotayika. Manja amene aphunzira kugwira odwala ambiri ndi zipangizo zochepa sanjenjemera kulikonse kumene angapite. Odwala a ku Chipata, Katete kapena Kanyama nawonso ndi anthu a Mulungu, ndipo ena mwa inu Yehova adzakuuzani monga anauzira Isake.

Banja lija silinasankhebe. Chimene anagwirizana ndi chakuti mlongo ayambe kuwerengera OET ndi ndalama zimene asunga okha, popanda ngongole, amuna ake afufuze bwino za uphunzitsi kumeneko, ndipo palibe wosiya ntchito kapena kugulitsa kanthu mpaka onse awiri anene kuti inde. Lachitatu lililonse akusala kudya pamodzi mpaka 15 hours. Muziwakumbukira m'mapemphero.

Sabata ino, amene muli ndi maganizo a ulendo, tengani pepala muli awiri. Lembani mtengo wa mayeso, wa ndege, wa lendi, dzina la amene adzasunga ana, ndi ntchito imene winayo adzagwire chaka choyamba. Mukatha muwerenge Machitidwe 18 pamodzi, muone m'mene Akula ndi Priskila anachokera ku Roma kupita ku Korinto, kenaka ku Efeso, ali awiri ndi ntchito yawo yosoka mahema. Amene mufuna kuti tipemphere nanu, ine ndi amayi busa tidzakhala ku tchalitchi Lachisanu madzulo. Bwerani nonse awiri, ndi pepala lija.