PHUNZIRO 6: NYONGOLOTSI ZA M'CHIWINDI NDI MANKHWALA AZITSAMBA

Kuno ku Chigwa cha Shire ng'ombe ndiyo nkhokwe ya banja. Msipu ukauma, ife a ku Chikwawa ndi Nsanje timakadyetsa ziweto ku dambo la Elephant Marsh kapena la Ndindi. M'madambo otere ndimo ziweto zimatengera nyongolotsi za m'chiwindi.

MATENDAWA AMAFALA BWANJI?

Nyongolotsiyi ndi yaphwatalala ngati tsamba. Mazira ake amatuluka ndi ndowe, nkuswa m'madzi. Tiana take timalowa m'nkhono zazing'ono za m'madzi, ndipo tikatulukamo timamatirira pa udzu. Ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa ikadya udzuwo imayamba kuwonda, kusowa magazi ndi kutupa kunsi kwa chibwano. Mkaka umachepa. Ikaphedwa, oyeza nyama amataya chiwindi.

KODI ZITSAMBA ZIMACHIZA?

Ambirife timakhulupirira nimu chifukwa ali pakhomo ndipo salira ndalama. Akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anayesa madzi a zitsamba zingapo, ndipo zina zinapha nyongolotsizi m'mbale zoyeseramo. Koma mbale si ng'ombe. Mphamvu ya tsamba imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi kakonzedwe, motero muyeso umavuta. Ukachepa nyongolotsi sizifa. Ukachuluka ungapweteke chiweto.

Zitsamba zina zimapha nkhono. Mu 1964 Aklilu Lemma wa ku Ethiopia anaona nkhono zitafa pamalo pamene anthu ankachapira zovala ndi zipatso za endod. Ombwe nayenso ndi wamphamvu, koma amapha nsomba. Tisamuthire m'dambo: asodzi adzadya chiyani?

TICHITE CHIYANI?

1. Chiweto chikayamba kuwonda, tiitane alangizi a ziweto msanga.
2. Timwetse mankhwala oyesedwa, monga triclabendazole, pa muyeso wogwirizana ndi kulemera kwa chiweto.
3. Tisunge masiku olembedwa pa botolo tisanadye nyama kapena kumwa mkaka.
4. Tisagule mankhwala opanda dzina pamsika.
5. Tigwirizane kumanga chomwera ziweto pafupi ndi mjigo.

Mlangizi ndi wantchito wa anthu. Kumufunsa ndi ufulu wathu, ndipo kusamala dambo ndi udindo wa mudzi wonse.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi ziweto za m'mudzi mwathu zimamwa kuti m'mwezi wa Okutobala?
2. Alangizi anafika liti komaliza? Ngati safika, tikadandaule kwa yani?
3. Mayi wamasiye wa ng'ombe imodzi, wopanda ndalama ya mankhwala, gulu lathu lingamuthandize bwanji?