Wi-Fi ikavuta pakhomo, musathamangire kugula rauta ina

M'makomo ambiri pa Mzimba boma, ku Embangweni, ku Edingeni ndi pa Jenda, intaneti imalowa kudzera mu rauta kapena MiFi yokhala ndi simu ya Airtel kapena TNM. Imayenda maulendo awiri: kuchoka pa nsanja ya netiweki kufika pa rauta, kenako kuchoka pa rauta kufika pa foni. N'chifukwa chake foni ikhoza kuonetsa Wi-Fi yodzadza koma uthenga osapita. Choyamba, dziwani pomwe yadukira.

Zimitsani rauta, dikirani mphindi imodzi, yatsaninso. Ikakanabe, chotsani simu muike mu foni n'kuyatsa data. Ikayenda, vuto lili pa rauta. Ikakana, funsani bandulo: mwina yatha, mwina munagula ya WhatsApp yokha, yomwe singatsegule YouTube. Bandulo ikakhala kuti ilipo, funsani aneba a kampani yomweyo. Ngati nawonso akudandaula, ndi nsanja, ndipo palibe choti mukonze.

Kuno ku Mzimba tili ndi vuto lathulathu: marauta obwera ndi abale a ku Joni. Ambiri amakhala otsekedwa kuti azilandira simu ya Vodacom, MTN kapena Telkom basi. Nyale zimayaka bwinobwino, Wi-Fi imaoneka, koma simu ya kuno imakanidwa. Zimandimvetsa chisoni kuona mphatso yogulidwa ndi thukuta ikungokhala pa kabati. Uzani m'bale wanu asanagule kuti asankhe yolandira simu iliyonse. Ngati yafika kale, yang'anani kunsi kwake, pali adiresi yonga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1. Ilembeni mu Chrome muli pa Wi-Fi yakeyo. Ikapempha nambala yotsegulira netiweki (osati pasiwedi yolowera), ndiye kuti ndi yotsekedwa, ndipo ikufunika waluso. Ikapanda kupempha, mwina ndi APN chabe (makonzedwe olumikizira simu ku intaneti) yomwe ikadali ya ku South Africa. Kampani ya simu yanu ikuuzani yoyenera. Pulagi ya rauta yotereyi nayonso imakhala ya mano obulungira pomwe masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Gulani adaputa yogwira bwino, chifukwa yogwedera imachititsa rauta kumangozima n'kuyaka.

Kenako malo. Makoma a njerwa zowotcha amafooketsa Wi-Fi, malata ndiye amaibweza. Rauta yobisidwa kuseri kwa TV kuopa ana singafike ku chipinda chogona. Ikwezeni pa shelefu pafupi ndi zenera loyang'ana komwe kuli nsanja, makamaka ngati nyumba ili kumunsi kwa dambo kapena kuseri kwa phiri. Yendani nayo zenera ndi zenera mukuyang'ana nyale za netiweki. Rauta ikaonetsa maina awiri a Wi-Fi, la 2.4 GHz limadutsa makoma bwino, la 5 GHz limathamanga koma pafupi pokha.

Okhala kufupi ndi malire a Zambia, monga pa Jenda, simu imatha kukoka netiweki ya kutsidya. Lowani pa adiresi ija musankhe nokha Airtel kapena TNM ya Malawi.

Magetsi a ESCOM akathima, kapena mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani rauta pa soketi. Marauta ambiri amadya magetsi a 12V, koma werengani kaye zolembedwa pa adaputa yobwera ndi rautayo musanalumikize ku batire ya sola.

Intaneti ikamayenda mwaulesi madzulo, kapena bandulo ikamatha msanga, onani mafoni omwe alumikizidwa. Pasiwedi yopatsa mlendo mmodzi imafika mudzi wonse. Isintheni, ikhale yaitali, yosakaniza zilembo ndi manambala.

Kabatani ka Reset, kobisika m'kabowo, kakhale komaliza, chifukwa kamafufuta zonse zomwe munasintha. Musanakadine, jambulani kapepala ka kunsi kwa rauta, popeza dzina ndi pasiwedi zolembedwa pamenepo ndi zomwe mudzalowere nazo.