Nkhupakupa

M'nyengo ya dzinja, udzu ukatalika, anyamata oŵeta ng'ombe amabwera kunyumba ndi alendo osaitanidwa. Alendo ameneŵa ndi nkhupakupa. Nkhupakupa siziuluka, sizidumphanso. Zimakwera pansonga pa udzu ndi kudikira. Munthu kapena nyama ikakhudza udzuwo, zimaikangamira ndi kufunafuna malo ofunda ndi ofeŵa, monga m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa khutu ndi kuseri kwa bondo.

Nkhupakupa yaikulu ili ndi miyendo 8 monga kangaude, koma ikangotuluka m'dzira imakhala ndi miyendo 6. Chakudya chake ndi magazi okha. Yaikazi ikakhuta imatupa ngati nsatsi, nigwa pansi, niikira mazira zikwi zingapo.

Magazi amene imayamwa mwa munthu ndi ochepa. Choopsa ndi malovu ake, pakuti m'malovumo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilombo tina timadwalitsa ng'ombe matenda a chigodola, amene amapha ng'ombe zambiri. Nchifukwa chake alimi amasambitsa ng'ombe mu dipi kapena kuzipopera mankhwala.

Tizilombo tina timadwalitsa anthu. Pakapita pafupifupi sabata imodzi, wolumidwayo amatentha thupi, amamva mutu ndi kuphwanya m'thupi. Pamene panalumidwa pamabwera kankhanambo kakuda, ndipo pafupi pake pamatuluka mwanabere. Matendaŵa amafanana kwambiri ndi malungo, kotero ambiri amanyengeka. Amamwa mankhwala a malungo, koma osachira. Wodwala apite kuchipatala msanga, ndipo asaiŵale kuuza adokotala kuti, "Ndinalumidwa ndi nkhupakupa." Mau ochepaŵa amathandiza adokotala kusankha mankhwala oyenera, monga doxycycline. Si bwino kugula okha mankhwala otere pamsika.

Nanga mukaipeza itakuloŵererani pakhungu, mungatani? Apa mpamene ambiri amalakwa. Ena amaitentha ndi machesi, ena amaithira parafini, ndipo ena amaifinya ndi zikhadabo. Zonsezi nzosathandiza, ndipo zikhoza kuloŵetsa tizilombo tambiri m'thupi. Itanani munthu wamkulu. Iye aigwire kumutu, pafupi penipeni ndi khungu, ndi kachitsulo kopanira. Ngati kachitsuloko palibe, agwire ndi zala zokuta ndi kansalu. Aikoke molunjika, pang'onopang'ono, osaipotokola. Ikachoka aiponye pamoto, kenaka mutsuke pabalapo ndi m'manja ndi sopo. Musadikire kuti kuche. Ichotseni tsiku lomwelo.

Pochokera kubusa kapena kotola nkhuni, sambani ndi kudziyang'ana thupi lonse. Kusukulu timayendera zikhadabo ndi tsitsi m'maŵa. Kunyumba nako abale ayenera kuyenderana kumsana ndi m'mutu. Lambulani udzu pabwalo, ndipo agalu asamagone m'nyumba.

Palinso mbale wake wa nkhupakupa amene sakhala kuthengo. Ameneyu ndi nkhufi. Nkhufi zimabisala m'ming'alu ya zipupa ndi pansi, ndipo zimatuluka usiku. Zimayamwa kanthaŵi kochepa ndi kubwerera, kotero munthu amadzuka osadziŵa chimene chamuluma. Matenda ake ndi odabwitsa: thupi limatentha masiku angapo, nkuzizira, kenaka nkutenthanso. Ndi oopsa makamaka kwa amayi apakati ndi ana aang'ono. M'chaka cha 1905, madokotala aŵiri, Dutton ndi Todd, anatsimikiza ku Congo kuti nkhufi ndizo zimafalitsa matendaŵa, ndipo Dutton anamwalira komweko atadwala matenda omwewo. Nyumba yomata ming'alu ndi yozira kaŵirikaŵiri imasoŵetsa nkhufi pobisala.

Mafunso

1. Kodi nkhupakupa imafika bwanji pathupi pa munthu?
2. Tchulani zizindikiro ziŵiri zimene zingasiyanitse matenda a nkhupakupa ndi malungo.
3. Fotokozani m'mene mungachotsere nkhupakupa pamwendo pa mng'ono wanu.
4. Nchifukwa ninji munthu sadziŵa kuti nkhufi yamuluma?